Tsiku Limene Ndinabweza Chidindo

Wezi, Tiwonge ndi Lusungu, ana anga, gawo lino la mbiri yanga ndaliyamba kanayi. Katatu konse ndinang'amba. Ndikulemba m'Chinyanja, osati m'Chitumbuka chathu cha pakhomo, chifukwa ana a Wezi obadwira ku Lusaka Chitumbuka amangochimvera pa foni. Za ubwana wanga ndazilumpha. Amalume anu anakuuzani kale, ndipo anawonjezerapo zawo. Dzina la bungwe limene ndinagwirako ntchito sindilitchula. Linandisunga zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo cholakwa chimene ndilembe pano si chake, ndi changa. Chikukhudza ulendo wa Tiwonge wa ku Ulaya, umene mpaka lero anthu a ku tchalitchi amandiyamikira nawo.

Kapichila, chaka choyamba cha ntchito

Nditamaliza sekondale ndinalima fodya zaka ziwiri ndi adada, kenaka ndinalembedwa ukalaliki pa depoti ya bungwe ku Kapichila. Bungwelo linkapereka mbewu ya mtedza ndi chimanga kwa alimi ang'onoang'ono. Depotiyo inali nyumba imodzi ya malata, tebulo, sikelo, ndi mpando umodzi umene unali wa a Ngoma, bwana wanga woyamba. Ine ndinkakhala pa thumba. A Ngoma anali munthu wamfupi, wosaseka ndi alimi, koma woseka yekha akamawerenga makalata ochokera ku boma. Tsiku loyamba sanandipatse cholembera. Anatsegula dilowa n'kutulutsa chidindo cha masiku, chija chokhala ndi timawilo titatu: tsiku, mwezi, chaka.

"Bwana wako ndi uyu, osati ine," anatero. "M'mawa uliwonse, usanapatse munthu moni, uzitembenuza tsiku. Kamodzi chabe, kutsogolo. Si thilakita ichi, chilibe livesi."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Chifukwa chake ndinachiona mvula itayandikira. Mbewu sinkakwana chaka chilichonse, ndipo inkaperekedwa motsata tsiku limene pepala la mlimi linafika. Munthu ankapalasa njinga kuchokera kutali, mame ali m'miyendo, kuti pepala lake lidindidwe lero osati mawa. Dzanja langa ndilo linkanena amene adzale mbewu yabwino ndi amene abwerere ku nkhokwe yake ya anankafumbwe. Ndikadinda ndinkalemba dzina m'buku lalikulu, mwini wake n'kusaina pambali kapena kuika chala. Poweruka a Ngoma ankatenga lula n'kudula mzere pansi pa dzina lomaliza. "Mzele wopanda kanthu ndi chitseko chosatseka," ankatero. "Wina adzalowelapo."

Zosowa zinali zambiri. Inki ikatha tinkapempha ku kiliniki mankhwala aja a pepo opaka pa zilonda, n'kudontheza pa padi, moti mapepala a chaka chimenecho onse ankanunkha chipatala. Mafomu akatha tinkalemba kuseri kwa akale. Matumba tinkasoka ndi luzi mpaka thumba n'kukhala luzi lokhalokha. Komweko ndi kumene ndinakumana ndi amama anu, Nyamtonga. Anabwera ndi pepala la adada awo, nandiyang'ana ndikudinda, n'kunena kuti, "Mumamenya ngati mukupha nsikidzi." Patapita chaka ndinakapereka mawu kwawo.

Lundazi boma ndi Lukusuzi, chaka chachisanu ndi chitatu mpaka chakhumi ndi chinayi

Anandisamutsira ku ofesi yaikulu pa boma nditagwira zaka zisanu ndi ziwiri. Wamkulu wa ofesi nthawi imeneyo anali a Daka, munthu wokoma pakamwa, wodziwa maina a ana a wantchito aliyense. Chaka china kunabwera mbewu yatsopano ya mtedza, yochepa kwambiri. A Daka anandiitana, natseka chitseko, nandipatsa pepala la mlamu wawo limene linafika mbewu itatsala pang'ono kutha.

"Zimba, ikapo tsiku la sabata yatha."

"Lafika lelo, bwana."

"Ndikudziwa kuti lafika lelo, ndabwela nalo ndine. Chala chako n'chachikulu bwanji kuti chilephele kutembenuza kawilo kakang'ono aka?"

"Chimatembenuza, bwana. Koma kutsogolo."

Sanakwiye. Anandifunsa za chifuwa cha Wezi, nanditsegulira chitseko. Mwezi usanathe ndinalandira kalata ya thiransifa yopita ku depoti ya m'malire a nkhalango ya Lukusuzi, kumene aliyense ankakana. Tinakhalako zaka zoposa zisanu. Mvula ikagwa msewu unkaduka, ndipo malipiro ndinkakatenga pa njinga, ulendo wa masiku awiri. Anyani ndi nguluwe zinkakolola tisanakolole. Tiwonge anabadwira kumeneko, pa ngolo ya ng'ombe, tisanafike ku kiliniki. Chaka china kawilo ka zaka pa chidindo kanafika kumapeto, ndipo chatsopano chinatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti chifike. Nthawi yonseyo ndinkadinda tsiku ndi mwezi, chaka n'kulemba pamanja.

Nkhani imeneyi mwaimva kambirimbiri. Ndinkaikamba mukabweretsa malipoti a sukulu, ndinkaikamba Lusungu ataba shuga. Ndinkaikonda. Ndaibwereza pano mwachidule kuti mudziwe kuti zimene zikutsatirazi sindinazichite mosadziwa.

Lundazi boma, kuyambira chaka chakhumi ndi chisanu

A Daka atachoka ndinabwezedwa pa boma, ndipo anandipatsa chipinda cha makalata: mafayilo, buku lalikulu, windo loyang'ana pakhonde, ndi chidindo. Mabwana anasintha katatu. Womaliza anali mayi Sakala, mayi wamtali wovala magalasi a chingwe, amene anamangitsa kachipinda koyezera mbewu kuseri kwa ofesi. M'boma lonse, malo otero anali amenewo okha amene ine ndinkawadziwa. Kuyambira pamenepo ana a m'makoleji anayamba kutipempha atachimenti, ntchito ija imene mwana wa koleji amagwira pa tchuthi chachitali kuti aphunzire ndi manja, n'kulemberedwa lipoti.

Matebulo m'kachipindako anali anayi, ndiye malo analinso anayi. Chaka choyamba mayi Sakala anavutika ndi mafoni a abusa, a makhansala ndi a azilamu awo. Chaka chachiwiri anaika lamulo. Kalata ikhale yeniyeni, ya chidindo cha koleji. Ifike pa windo langa, ndiidinde, ndiilembe m'buku. Lolemba loyamba la Meyi iwo atenge fayilo, ndipo anayi oyamba kufika ndiwo alowe. "Akandiimbila foni ndizingoti, pitani mukakangane ndi chidindo cha a Zimba," anatero. Lamulolo ndinalisunga mosanyengerera. Mnyamata wina wa ku Chipata anandionetsa chithunzi cha kalata yake pa foni, akuti yeniyeniyo ikubwera. Ndinamuuza kuti foni sindingaidinde.

Chaka choyamba cha Tiwonge ku koleji

Tiwonge analowa koleji ya zaulimi ku Chipata ntchito yanga itatsala zaka zitatu. Pa tchuthi choyamba anabwera ndi kapepala kamene anakopera pa bolodi la zidziwitso. Kolejiyo inkatumiza ophunzira ochepa a chaka chachitatu ku Ulaya, miyezi isanu, kukaphunzira za mbewu. Zofunika zinali zitatu: kukhoza bwino, pasipoti, ndi lipoti la atachimenti ya kumapeto kwa chaka chachiwiri, yochitira pamalo pamene pali chipinda choyezera mbewu. Mwayi wofunsira unali umodzi. Ukaphonya chaka chimenecho, watha.

Ndinawerenga kapepalako katatu. Kuyambira tsikulo mtima wanga sunakhalenso pansi. Ndinadula katoni, n'kulembapo miyezi makumi awiri ndi inayi, mwezi uliwonse ndi chochita chake, n'kukhomera kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Zithunzi za pasipoti tinajambulitsa tchuthi chomwecho. Ku Chipata ndinapita kawiri pa nkhani ya mafomu, ndipo pasipoti inatuluka chaka chathunthu isanafunike. Ndinafunsa kwa mphunzitsi wina amene anapitako kunja za katemera ndi za majekete. Jekete ndinaligula pa salaula, pogulitsira zovala zakale, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, wogulitsa akundiyang'ana ngati ndadwala malungo.

"Adada, ndegeyo ngakhale mafuta sanathile," Tiwonge ankandiseka. "Sindinasankhidwe n'komwe."

"Wosankhidwa amapezeka atamanga kale nsapato."

"Ndipo ndikapanda kupita, jekete ili mudzavala ndinu ku kwaya."

Za atachimenti sindinkada nazo nkhawa. Malo anali pa ofesi yanga, nyumba yogona inali yathu, ndipo tsiku loyamba kulandira makalata ndinkalidziwa kuposa wina aliyense. Chimene chinkafunika n'chakuti kalata yake ifike msanga. Pa katoni ndinalemba ndi inki yofiira: Epulo, sabata yoyamba.

Epulo, chaka chachiwiri cha Tiwonge

Koleji inatulutsa makalata Lachinayi la sabata yoyamba. Tiwonge anaimba masana.

"Adada, ndaitenga. Ndibwele nayo ndekha Loweluka?"

"Iyayi. Lolemba uli ndi mayeso, ukhale uwelenge. Pita pa siteshoni, ukapatse Mabvuto."

Mabvuto anali kondakitala wa minibasi ya Chipata, bambo wa ana atatu, mwana wa mkulu wa mpingo wathu. Ku Lundazi tonse timatumiza motero. Mankhwala, mbatata, makiyi, makalata a maliro, zonse zimayenda pa dashibodi ya minibasi. Mabvuto anali atandinyamulira zinthu zaka zambiri osataya ngakhale singano. Tiwonge anamupatsa envulopu Lachisanu m'mawa, nanditumizira uthenga kuti yanyamuka.

Lachisanu limenelo kalata ya mwana wina inali itafika kale m'mawa. Ndinailemba m'buku. Ya Tiwonge ikanakhala yachiwiri. Masana ndinapita pa siteshoni. Minibasi inali isanafike. Ndinabwerera. Itakwana nthawi yoweruka ndinatenga lula kuti ndidule mzere, koma ndinaudula m'munsi pang'ono, n'kusiya mzere umodzi wopanda kanthu. Ndinadziuza kuti kalata ili m'njira, ifika lero lomwe, ndidzangoilemba mawa. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndinali ndisanasiyepo mzere.

Madzulo ake Tiwonge anaimba. "Yafika?"

"Yafika," ndinatero. "Welenga."

Sindinafune kuti alowe mayeso ndi nkhawa. Chimenecho n'choona. Choonanso n'chakuti sindinafune kunena kuti njira imene ndinasankha ine yalephera. Ndikananena, akanathamanga kukapempha kalata ina. Sindinanene.

Loweruka ndinamva kuti minibasiyo inafera m'njira, anthu anakwezedwa ina, ndipo yakufayo inakokedwa kubwerera ku galaja ku Chipata. Mabvuto, poona kuti ntchito yaima, anapita kumudzi kwa mkazi wake kukakumba mtedza, kumene foni siigwira. Ndinayamba kuyenda. Ola lililonse la chakudya ndinali pa siteshoni. Madalaivala anandizolowera, ndikamatulukira ankayamba okha, "A Zimba, sanabwele." Wina anandipatsa nambala ya makaniko, makaniko n'kunena kuti makiyi ali ndi mwini galimoto, mwini galimoto ali ku Lusaka kukafuna sipeya. Ndinaganiza zopita ndekha ku Chipata, koma tsiku lililonse ankandiuza kuti mawa. Ndinakhulupirira mawa khumi ndi asanu ndi anayi.

Pa masiku amenewo makalata ena ankafika. Lachiwiri inabwera imodzi, Lachitatu ina. Lachinayi la sabata yachiwiri pa windo panaima mtsikana wowonda, wovala chitenje pamwamba pa siketi, fumbi lili m'mapazi.

"Monile, adada. Ndine Esinati Phiri, mnzake wa Tiwonge. Tili kalasi imodzi."

Ndinali nditamvapo dzina lake. Adada ake anachokera ku Kasungu kalekale, ankagwira ntchito pa famu ya fodya kunja kwa boma. Ku koleji Esinati ndi Tiwonge ankagona chipinda chimodzi, ndipo ankapikisana pa mayeso. Nayenso ankafuna za ku Ulaya.

"Mwabwela nokha, mama? Nanga makalasi?"

"Ndajomba lelo. Adada anati kalata ya boma sapatsila munthu, ngati mkazi."

Anaseka, inenso ndinaseka. Ndinadinda, ndinalemba, ndinatembenuza buku kuti asaine. Anasaina pang'onopang'ono, zilembo zoyera.

"Ndine wachingati, adada?"

"Wachinayi."

Anawomba m'manja kamodzi, mwaulemu. "Yewo chomene. Ndiye tidzakhala tonse ndi Tiwonge." Ndinayamba kusanja mafayilo amene anali osanjika kale.

Envulopu inafika Lachitatu lomaliza la Epulo. Mabvuto anabwera nayo yekha ku ofesi, chipewa chili m'manja, envulopuyo ili ndi chala cha girisi pakona. Anapepesa kwambiri. Sindinamukalipire; analakwa chiyani? Pamene ankachoka, makalata a atachimenti m'fayilo anali asanu ndi atatu. Ya Tiwonge inali yachisanu ndi chinayi. Sindinaidinde. Ndinaiika m'thumba la jekete n'kupita nayo kunyumba.

Amama anu anali pakhonde akusenda mtedza. Ndinawauza zonse, kuyambira pa minibasi mpaka pa bodza la pa foni. Anamvetsera osasiya kusenda.

"Anamuuza kuti apatse kondakitala ndani?"

"Ndine."

"Anamuuza kuti yafika ndani?"

"Nyamtonga, ndanena kale."

"Ndikufuna ndimve bwino, makutu akukalamba." Anataya makoko m'lichero. "Mwana anati ndibwele ndekha. Inu a mapulani munati iyayi. Manje mukamuuza chiyani? Kuti wachedwa?"

"Lamulo ndi lamulo."

"Lamulo tinalidya zaka zisanu ku Lukusuzi, ndinabeleka pa ngolo chifukwa cha lamulo. Sindinadandaule. Koma uko munkalipila ndinu, cholakwa chili cha a Daka. Apa cholakwa ndi chanu, wolipila akhale mwana?"

"Ndiye nditani?"

"Ine sindinapite ku sekondale, a Zimba. Sindidziwa za maofesi." Anaimirira n'kulowa m'nyumba ndi lichero lawo.

Musawaimbe mlandu amama anu. Sananene kuti ndibweze chidindo, ndipo mpaka lero sanandifunsepo chimene ndinachita. Ananena zoona zokhazokha.

Lachinayi lonse envulopu inali m'thumba. Ndinaganiza zokauza mayi Sakala zonse, koma ndinkadziwa yankho lawo, chifukwa ndi limene ine ndinapatsa mnyamata wa foni uja. Ndinaganiza za malo ena ku Chipata, koma kumeneko anali atadzaza kalekale. Lachisanu, ola la chakudya, anthu onse atatuluka, ndinatseka windo. Ndinatenga chidindo. Kawilo ka tsiku kanali kolimba pobwerera, chifukwa kanali kasanayendepo mbali imeneyo. Ndinachita kukankha ndi chikhadabo. Ndinabweza mpaka pa Lachisanu lija kalata inanyamuka ku Chipata. Ndinadinda. Ndinatsegula buku, n'kulemba dzina la mwana wanga pa mzere umene ndinasiya, ndipo pa malo osaina ndinalemba kuti yabwera ndi minibasi. Kenaka ndinabwezera tsiku m'malo mwake n'kutsegula windo. Zonsezi sizinatenge mphindi zitatu. Ndinadziuza kuti sindinaname, ndangodinda tsiku limene kalata inayenera kufika. Mawu amenewo ndinadziuza kwa zaka.

Meyi, chaka chomwecho

Lolemba mayi Sakala anatenga fayilo ndi buku. Patapita kanthawi anandiitana.

"A Zimba, nambala 2 uyu si mwana wanu? Simunanene bwanji?"

"Ndinaopa kuti muyesa ndikupempha, mayi."

"Inu kupempha?" Anavula magalasi akuseka. "Akanakhala wina ndikanafufuza. Chidindo chanu ndimachikhulupilila kuposa kalendala."

Ndinafunsa ngati chaka chino sangatenge asanu, popeza wachisanuyo ndi mwana wakhama. Anati matebulo ndi anayi, ndipo akatsegula kamodzi, chaka chamawa abusa adzabwera ndi wachisanu ndi chimodzi. Maina anayi ndinawataipa ndine, ndipo ndinawamata ndine pa bolodi la pakhonde.

Esinati anabwera Loweruka lotsatira, tikugwira theka la tsiku. Anaima pa bolodi nthawi yaitali, kenaka anabwera pa windo.

"Adada, dzina langa palibe."

"Malo ndi anayi, mama."

"Munati ndine wachinayi."

"Ndinawelenga molakwa."

Anandiyang'ana. Sanalire, sanakweze mawu. Anayang'ana buku limene linali pansi pa chigongono changa, kenaka anayang'ananso ine. "Chabwino, adada," anatero, n'kutsika masitepe. Ndinamuona akudutsa pa geti, akukonza chitenje.

Tiwonge anagwira atachimenti yake miyezi itatu, ndipo anaigwira bwino. Ankafika ine ndisanafike. Lipoti limene mayi Sakala anamulembera linali lake, palibe anamuthandiza. Anasankhidwa chaka chotsatira. Tinamuperekeza pa siteshoni, jekete lija lili pamwamba pa chikwama, azimayi a mvano akuimba. Akukwera anandigwira dzanja nati, "Adada, katoni yanu yagwila ntchito." Ndinati ayende bwino. Anthu atabalalika sindinapite kunyumba. Ndinayenda wapansi mpaka ku damu, n'kubwerera, n'kupitanso.

Za Esinati ndinkamva kwa anthu. Atachimenti anakachitira pa shedi ya fodya pa famu imene adada ake ankagwirako ntchito, pamene panalibe choyezera mbewu. Koleji anamaliza, anakhoza bwino, koma za ku Ulaya sanaloledwe n'kufunsira komwe. Mwina akanafunsira sakanasankhidwa. Zimenezo ndazitembenuza m'mutu nthawi zambiri, ndipo sizindithandiza. Sanafike pa mzere, ndipo amene anamuchotsapo ndine. Ndinaonanso kuti Tiwonge anasiya kutchula dzina lake. Sindinafunse.

Okutobala wapitayu, chaka chachitatu chipumire

Pa tsiku lotsanzikana ku ofesi anandipatsa wotchi ya pakhoma, ndipo mayi Sakala analankhula za kukhulupirika kwanga mpaka ndinatuluka thukuta. Ndinkayesa kuti ndikapuma ndidzapumadi. Koma munthu wopuma ali ndi nthawi yambiri. Ndimadzuka m'mamawa popanda kopita, ndimazungulira munda umene ndauzungulira dzulo, ndimakonza njinga yosawonongeka. Amama anu amati ndili ngati nkhuku yofuna poikira.

Esinati tsopano amagulitsa m'shopu ya mbewu ndi feteleza pafupi ndi msika. Kwa zaka ziwiri ndinkazungulira njira ya kuchipatala kuti ndisadutse pakhomo pa shopuyo, ndipo mbewu ndinkagula kwina. Chaka chino mtedza umene amama anu amafuna unapezeka kumeneko kokha. Ndinaima kutsidya kwa msewu mpaka makasitomala atatha, n'kulowa.

"Monile, adada a Tiwonge," anatero. Anali atanenepako pang'ono, ndipo kumbuyo kwa kauntala kunali kamwana kakugona pa katoni. "Mwasowa. Ndimakuonani mukudutsa uko kutali, ndimati kapena tili ndi ngongole yanu."

Ndinatchula mbewu. Anabweretsa, nandiuza kuti ndisadzale mvula yoyamba, nandionetsa pa paketi pamene amalemba za kameredwe. Ankadziwa ntchito yake. Ndinalipira. Ndinagwira paketi, koma sindinatuluke.

"Mama, pali chimene ndiyenela kukuuzani. Chaka chija sindinawelenge molakwa. Munali wachinayi. Kalata ya Tiwonge inafika mochedwa, ine ndinabweza chidindo."

Anapukuta kauntala ndi kansalu, ngakhale panalibe fumbi.

"Ndikudziwa, adada. Munanditembenuzila buku kuti ndisaine. Panali maina atatu pamwamba panga, ndi mzele umodzi wopanda kanthu. Ndinayesa mwangolumpha."

"Simunakanene bwanji kwa mayi Sakala?"

"Mwana wa tenanti wa ku Kasungu, kukanena kuti a Zimba anama? A Zimba a chidindo?" Anaseka pang'ono. "Ngakhale adada anga sanandikhulupilile. Anati ndinaona molakwa."

Ndinapepesa. Mawu amene ndinakonza zaka zisanu anatuluka ochepa ndi osalongosoka. Iye anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinapemphe kuti anene.

"Za ku Ulaya zinandiwawa chaka chimodzi, kenaka zinapola," anatero. "Chimene sichinapole ndi china. Ndinamuuza Tiwonge, titabwelela ku koleji. Sindinafune malo ake, ndinangofuna adziwe. Anaimilila pakati pa chipinda, atsikana onse akumva, nati, 'Adada anga sanganame. Anandiuza okha kuti kalata inafika tsiku lomwelo. Wabodza ndiwe, nsanje yakupweteka.' Mawa lake anasamutsa matilesi. Mpaka lelo sitinalankhulane." Kamwana kanadzuka, iye n'kukanyamula. "Musamuuze ngati simufuna. Ine ndinazolowela."

Ndinatuluka ndi mbewu yanga. Njinga ndinaiiwala pa shopu, anachita kundibweretsera madzulo munthu wa kabaza.

Tiwonge, mwananga, kawiri ndakuimbira foni kuti ndinene, ndipo kawiri konse tinathera pa za mvula ndi za shuga wa amama ako. Pakamwa pandikanika, ndiye ndalemba. Maphunziro ako ndi ako, ntchito imene uli nayo ku Lusaka unaipeza ndi mutu wako, ndipo palibe chimene unalakwa kupatula kukhulupirira adada ako. Sindikudziwa ngati lero, envulopu ija itabweranso m'thumba mwanga, ndingachite mosiyana. Ndikanakonda kulemba kuti inde, koma gawo lino si la mabodza. Chimene ndikudziwa n'chakuti unatcha mnzako wabodza pamaso pa anthu, ndipo mawu amene unaimapo anali anga. Shopu yake ndi yachitatu kuchokera pa geti la msika, ya chitseko chobiriwira. Ukabwera pa Khirisimasi, ukafuna ndidzakuperekeza mpaka pakhomo, ukafuna upite wekha. Kalata yako inafika Lachitatu lomaliza la Epulo, inali yachisanu ndi chinayi. Esinati sananame.